Funsani za Chilengedwe: Tchire la pa Lowe ndi Zomera Zake

Makalata a mwezi uno, ngakhale achokera kutali ndi kutali, akufunsa za malo amtundu umodzi: tchire lalifupi lomera pa nthaka yonyowa ndi yosauka, pamene chimanga sichingachite. Mafunso tawafupikitsa.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Southampton. Anzanga ananditengera ku New Forest, kumwera kwa England, ine n'kumayembekezera nkhalango. Ndinapeza chidikha cha tizitsamba tofika m'mawondo, pansi pomiza nsapato, mahatchi akuyenda okha. Akuti malowa ndi otetezedwa kwambiri. Chotetezedwa n'chiyani pamalo poti ngakhale mtengo sukula? Mayi wa ku Southampton.

YANKHO: Mayi, malo mwaonawo eni ake amawatcha wet heath, ndipo amapezeka m'maiko a mvula yambiri oyang'anizana ndi nyanja ya Atlantic: Britain, Ireland, Netherlands, kumpoto kwa Germany, Denmark mpaka Norway. Amapangidwa ndi zinthu ziwiri, madzi osachoka msanga ndi nthaka yopanda chakudya.

Pamwamba pamakhala mchenga kapena dothi lakuda la zomera zosawola bwino, lotchedwa peat, losapitirira theka la mita kuzama kwake. Pansi pake pali chotchinga madzi, mwina dongo, mwina chikhakha cholimba cha chitsulo chimene mvula inasungunula pamwamba n'kuchiunjika pansi kwa zaka mazanamazana. Nyengo yozizira madzi amafika pamwamba penipeni. Nyengo yotentha amatsika pang'ono, pamwamba n'kuuma kwa kanthawi. Akanakhala pamwamba chaka chonse, peat ikanakula n'kusanduka chithaphwi chozama. Akanatsika kotheratu pakanamera tchire louma, kenaka mitengo.

Nthakayi ndi ya asidi kwambiri. pH yake, muyeso umene umatsika asidi akachuluka, imakhala pakati pa 3.5 ndi 4.5, pamene chimanga chimafuna kuyambira 5.5 kupita m'mwamba. Pa asidi wotere, m'madzi opanda mpweya, tizilombo towoletsa zinyalala timagwira ntchito mwaulesi, ndiye nayitrojeni ndi fosifolasi zimangokhala zomangika m'masamba akufa. Chomera chilichonse mwachiona kumeneko chili ndi njira yake yozembera njala imeneyi.

Mwini malo ndi kachitsamba kotchedwa Erica tetralix. Mumuzindikira ndi timasamba totuwa taubweya, tomera tinayi tinayi mopingasa kuzungulira tsinde, ndi maluwa apinki ounjikana kunsonga kuyambira Juni mpaka Sepitembala. M'mizu yake yopyapyala mumakhala bowa wosaoneka ndi maso, amene amaswa zinyalala zija n'kupatsa chomeracho nayitrojeni, iye n'kumalandira shuga. Pa timitumbira pouma pang'ono pamamera chitsamba china, Calluna vulgaris, chimene chimafiiritsa chidikha chonse mu Ogasiti. Mukaona Erica cinerea, wa maluwa ofiira kwambiri ndi masamba atatu atatu, dziwani kuti pamenepo mpouma, pondani mosaopa. Mukaona ndere zobiriwira mowala zitayala mosalala, lambalalani.

Ndere zimenezo ndi Sphagnum. Maselo ambiri m'masamba ake ndi akufa ndi opanda kanthu mkati, ntchito yake kusunga madzi, moti kilogalamu imodzi ya ndere zouma itha kumwa madzi oyandikira makilogalamu 20. Zimatenganso kashiamu ndi magineziyamu m'madzi n'kutulutsa asidi m'malo mwake, kutanthauza kuti zimadzikonzera zokha malo oti zomera zina zisalowemo. Zikafa ndi zimene zimasanduka peat, pafupifupi milimita imodzi pachaka.

Udzu wa zitsinde zikuluzikulu zopunthwitsa ndi Molinia caerulea. Kachitsamba konunkhira mukafikisa tsamba ndi Myrica gale, kamene kamakoka nayitrojeni mumpweya kudzera m'timatuza ta pa mizu. Narthecium ossifragum amachita maluwa achikasu mu Julayi, okongola ndithu, koma nkhosa zikamudya kwambiri chiwindi chimaonongeka, khungu la kumaso ndi makutu n'kumatupa padzuwa. Oweta nkhosa ku Norway ndi Scotland vutoli amalidziwa bwino. Pa dothi lakuda lopanda udzu, makamaka m'mapazi a ziweto, gwadani muone tizomera tofiira todya tizilombo, Drosera rotundifolia ndi Drosera intermedia. Mukachita mwayi kumapeto kwa Ogasiti mudzaona duwa labuluu la Gentiana pneumonanthe, limene latsala m'malo ochepa ku England konse.

Mahatchi aja ndiwo alimi a malowa. Amadya Molinia ndi timitengo tophuka, ziboda zawo n'kumatsekula dothi poti mbewu zing'onozing'ono zimere. Mukawachotsa, m'zaka zochepa udzu umakuta zonse, kenaka mitengo ya paini ndi birch imalanda. New Forest inapatulidwa ndi mfumu ya England, William the Conqueror, cha m'ma 1079 kuti ikhale yosakiramo nyama, anthu a kumeneko n'kusunga ufulu wodyetsamo ziweto mpaka lero, ndipo mu 2005 inakhala paki ya dziko. Chifukwa chake akuiteteza chonchi n'chakuti pa tchire lotere limene linalipo ku England mu 1800, latsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 6. Lina linalimidwa, lina anadzalapo paini, lina anamangapo nyumba. Lotsalalo lili ndi mdani wosaoneka: nayitrojeni wochokera m'makola a ziweto ndi utsi wa galimoto amagwa ndi mvula, n'kukhala feteleza amene amanenepetsa Molinia ndi kupha Erica. Ku Netherlands zinafika poti amasenda dothi la pamwamba n'kulichotsa kuti nthaka isaukenso.

Mukapitanso valani nsapato zazitali, ndipo pobwera dziyang'aneni nkhupakupa, chifukwa za kumeneko zimafalitsa matenda a Lyme. Kudyetsa mahatchiwo ndi kuyatsa moto n'koletsedwa.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo pa sekondale ina ku Mulanje. Zitsanzo za m'mabuku ndi zakunja zokhazokha. Kodi paphiri lathuli pali malo otere? Ndingawaonetse bwanji ana? Mphunzitsi wa ku Mulanje.

YANKHO: Aphunzitsi, alipo, koma musawauze ana kuti ndi ofanana ndendende ndi a ku Europe. Mtundu wa Erica uli ndi zomera zoposa 800, zambiri mwa izo ku Cape ku South Africa, zina n'kumatsata mapiri ataliatali a Africa mpaka ku Ethiopia. Pa Mulanje, Zomba ndi Nyika pali Erica benguelensis, amene mabuku akale amamutcha Philippia benguelensis. Amatalika kuposa munthu m'mphepete mwa nkhalango za mkungudza. Palinso Erica milanjiana, amene dzina lake linachokera ku phiri la Mulanje.

Kusiyana kwake ndi uku. Kwathu Erica amakonda kuima m'mbali, pamiyala ndi potsetsereka, pamene pakati pa lowe pamakhala udzu ndi zomera za banja la mlulu. Chachiwiri, ife tili ndi miyezi yambiri yopanda mvula, ndipo chimene chimasunga chinyezi pamwambapo ndi nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni. Chachitatu, chimene chimaumba tchire lathu ndi moto, osati ziweto.

Simukuyenera kufika pa Sapitwa, mamita 3,002, kuti muone zimenezi. Pa zidikha za Chambe ndi Lichenya, chapafupi ndi mamita 2,000, funani pamene thanthwe lakutidwa ndi dothi lakuda lochepa, madzi akuchucha pang'onopang'ono. Pamenepo mupeza Drosera madagascariensis, wa tsinde loimirira ndi masamba aulimbo. Utricularia, wa timaluwa ting'onoting'ono, amene misampha yake ili m'matope, yoyamwa tizilombo ta m'madzi. Xyris, wa maluwa achikasu a timasamba titatu. Ndi Eriocaulon, wa timitu toyera pamwamba pa kaphesi kowonda. Kuyambira Januwale mpaka Malichi muonjezere maluwa a Disa ndi Satyrium.

Ntchito ya ana ikhale yotere. Kokani chingwe cha mamita 30 kuchokera pouma kulowa pakati pa lowe. Pa mamita 5 alionse ikani felemu ya nsungwi ya mita imodzi mbali zonse, ana alembe mitundu ya zomera ili mkatimo ndi gawo la nthaka limene mtundu ulionse wakuta. Pambali pa felemu tengani dothi la masentimita 10 apamwamba. Sakanizani muyeso umodzi wa dothi ndi miyeso iwiri ndi theka ya madzi a mvula oyera, khutchumulani, dikirani mphindi 30, kenaka viikani kapepala kopimira pH. Cholakwika chofala n'kugwiritsa ntchito madzi a pamjigo: mchere uli m'madziwo umakweza pH, ana n'kulemba 6 pamene nthaka ili pa 4.5.

Popima madzi a pansi, dulani paipi ya pulasitiki ya mita imodzi, yotakasuka mamilimita 32 kapena 40, booleni mabowo ang'onoang'ono pa masentimita 5 alionse, vekani sokosi yakale kuti matope asalowe, n'kuizika kusiya masentimita 10 pamwamba, ndi chivindikiro. Musawerenge pamene madzi afika mupaipimo tsiku lomwelo, chifukwa mu peat madzi amayenda pang'onopang'ono; muyambe mawa lake. Mapaipi atatu, pouma, pakati ndi ponyowa, owerengedwa mu Febuluwale ndi mu Okutobala, adzaonetsa ana kuti mzere umene Erica walekera ndi pamene Drosera wayambira watsata madzi a pansi.

Yambani mwapempha chilolezo ku ofesi ya zankhalango, chifukwa phirili ndi lotetezedwa. Ana ayende mumzere umodzi, pakuti kalasi yonse ikapondaponda pa ndere zipsera zake zimatenga zaka. Zomera musazule, jambulani duwa, tsamba ndi chomera chonse, ndipo zovuta kuzitchula mufunse a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba.

FUNSO: Ndinagula kachomera kodya ntchentche, Drosera capensis, pamalo ogulitsa maluwa. Ndinakasamutsira m'dothi la manyowa, ndimakathirira madzi a pampopi tsiku ndi tsiku ndi kukapatsa tizidutswa ta nyama. Ulimbo wauma, masamba akuda. Chavuta n'chiyani? Mnyamata wa ku Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, mwakapha ndi chikondi. Zonse zitatu mwachitazo ndi poizoni kwa chomera chimenechi. Mizu yake inazolowera madzi opanda mchere uliwonse, ndiye manyowa ndi feteleza amaiwotcha. Madzi a pampopi nawo ali ndi mchere wosungunuka umene umaunjikana mumphika madzi akamauma. Nyama ili ndi mafuta amene tsamba silingagaye, limangowola.

Ngati pakati pakadali pobiriwira, kazuleni, tsukani mizu ndi madzi a mvula, n'kukadzala mu muyeso umodzi wa peat yosathiridwa feteleza ndi muyeso umodzi wa mchenga woyera wotsuka bwino. Mchenga wa kunyanja yamchere kapena wosakanikirana ndi simenti ayi. Mphika ukhale wapulasitiki, wobowoka pansi, ukhazikeni m'mbale ya madzi a mvula ozama sentimita imodzi kapena awiri nthawi zonse. Ngati muli ndi kachipangizo kopimira mchere m'madzi, nambala isapitirire 50. Kaikeni pofika dzuwa kwa maola 4 mpaka 6 patsiku. Tsamba lotumbuluka lopanda ulimbo nthawi zambiri n'kusowa kuwala. Za chakudya musavutike, kamadzigwirira kokha. Timaubweya ta pa tsamba timakola kachilombo, tsamba limapindika pang'onopang'ono, n'kutulutsa madzi ogaya. Chimene kamafuna m'kachilomboko ndi nayitrojeni ndi fosifolasi basi, shuga kamapanga ndi dzuwa ngati chomera china chilichonse.

Ngakhale masamba onse afe, musataye mphika msanga: Drosera capensis amaphukanso kuchokera ku mizu. Mwasankha mtundu wabwino. Drosera rotundifolia wa ku Europe amafuna miyezi ya chisanu kuti agone, ndipo m'nyumba yofunda sakhalitsa.

FUNSO: Kumtunda kwa munda wanga, pamutu pa kamtsinje, pali kadambo ka dothi lakuda bii. Ndikufuna kukumba ngalande kuti ndidzale kachewere, m'mbali ndidzale paini. Kudaku si ndiye chonde? Bambo wa ku Dedza.

YANKHO: Bambo, yambani mwapima. Madambo a m'zigwa, a dothi la makande, kumene anthu amalima madimba, ndi ena. A pamutu pa mitsinje m'mapiri ndi enanso. Kumbani dothi lodzaza dzanja, liyanikeni sabata imodzi. Likauma n'kukhala lolemera ndi lolimba, ndi makande. Likapepuka, mukuona ulusi wa mizu ndi masamba, ndipo mukaliika pa khala likunyeka ndi kufuka, ndiye peat. Kuda kwake ndi zinyalala zosawola, osati chonde.

Mukakumba ngalande pa peat, chaka choyamba ndi chachiwiri mudzakolola bwino, ndipo apa ndi pamene anthu amanyengekera. Mpweya ukalowa, zinyalala za zaka mazana zimawola mofulumira n'kutulutsa nayitrojeni wake wonse. Zikatha, nthaka imafota ndi kutsika, imasanduka fumbi lokana kumwa madzi, asidi ali pomwepo. Ku Holme Fen ku England anazika mzati wachitsulo mu 1851, mutu wake utalingana ndi nthaka, pamene ankaumitsa dambo la peat. Lero mzatiwo waima mamita pafupifupi 4 pamtunda. Peat yanu mwina ndi masentimita 30 okha, ndiye muone nokha zaka zimene ingakhale.

Ngalande yomwe imasanduka chigwembe. Madzi amene ankatuluka pang'onopang'ono mpaka Okutobala amathamanga onse mu Januwale, akudya m'mbali ndi kubwerera chakumtunda chaka ndi chaka, a kumunsi n'kuyamba kukumba zitsime m'mchenga mu Ogasiti. Paini amaonjezera vutolo, chifukwa mizu yake ndi yozama ndipo amamwa chaka chonse, pamene udzu umagona m'chilimwe. Kafukufuku amene anayamba ku Jonkershoek ku South Africa mu 1935 anaonetsa kuti kudzala paini pamene panali tchire lachilengedwe kumachepetsa madzi m'mitsinje, ndipo mu 1995 dzikolo linayambitsa ntchito ya Working for Water yodula mitengo yobwera yotere. Pa Mulanje pomwe, paini wotchedwa Pinus patula atafalikira yekha kuchokera m'minda ya mitengo, kumuchotsa kunatenga ndalama ndi zaka. Paini wanu mudzale kumtunda pouma, kutali ndi pamene pamachucha madzi, ndipo kachewere apite ku munda wa dothi lofiira ndi manyowa.

Ngati ena anakumba kale, ngalandeyo itsekeni m'chilimwe. Yambirani kumtunda. Ikani timadamu ta matabwa kapena ta zigulumwa za dothi lomwelo ndi udzu wake, tolowa masentimita 30 m'mbali zonse ziwiri ndi pansi, apo ayi madzi adzalambalala. Titalikirane moti kusiyana kwa madzi pakati pa damu ndi linzake kusapitirire masentimita 20. Potsetsereka kwambiri ndiye kuti madamu achuluke. Damu limodzi lalikulu kumunsi limakokoloka ndi mvula yoyamba. Ku New Forest amatseka ngalande zotere ndi mitolo ya Calluna yomanga zolimba, ndipo mitolo ya udzu yokhomera ndi zikhomo itha kugwira ntchito yomweyo.

FUNSO: Ena amati moto umaononga tchire la m'mapiri, ena amati umalikonza. Zoona n'ziti? Wophunzira za nkhalango ku Mzuzu.

YANKHO: Onse akunena zoona, nkhani ndi mwezi wake ndi kuwirikiza kwake. Moto wa mu Meyi kapena Juni, pansi pakadali chinyezi, umangodutsa pamwamba. Umachotsa udzu wakufa, zitsa ndi mbewu za m'nthaka n'kupulumuka, ndipo n'chifukwa chake oyang'anira paki ya Nyika amatentha zigawo zina moyambirira. Ku England nawonso lamulo limalola kutentha tchire lotere la m'zigwa kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Malichi basi, nthaka ili yonyowa.

Moto wa Sepitembala ndi Okutobala, uja woyatsa osaka nyama ndi mbewa, ndi wina. Peat ikauma imagwira moto n'kumanyeka pansi masiku ambiri popanda lawi, mphepo ikaomba n'kubukanso patali. Imapsa pamodzi ndi mbewu za Erica zimene zikanakhala m'nthaka zaka makumi, ndipo masentimita 10 opsa tsiku limodzi ndi ntchito ya zaka pafupifupi 100. Pozimitsa moto wotere kupuntha ndi nthambi sikuthandiza. Kumbani kangalande kuzungulira pofukapo mpaka mufike pa dothi lenileni kapena pathanthwe, thirani madzi mukutembenuza ndi khasu, mubwerenso mawa lake kudzakhudza ndi dzanja.

Ngakhale moto wofatsa, ukamabwera chaka ndi chaka umapha Erica asanabereke mbewu, pamalopo n'kutsala udzu wokhawokha kapena Pteridium aquilinum (chomera chosachita maluwa, cha masamba ngati nthenga), amene mizu yake ili pansi poti moto sufika ndipo akufalikira pa Nyika. Mbande za mkungudza nazo moto sizipirira.

FUNSO: Chikanda chakwera mtengo ndipo okumba akupita kutali. Kodi sitingachilime kudimba? Mayi wogulitsa pamsika ku Rumphi.

YANKHO: Mayi, n'chovuta kuposa mbatata. Chikanda, chimene kwanuko mumati chinaka, ndi timbatata ta maluwa a orchid omera pansi, makamaka Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis, ndipo ambiri amamera m'madambo ozizira omwe takambawa. Nyika yokha ili ndi mitundu ya orchid yoposa 200. Chomera chimodzi chimapanga kambatata katsopano chaka chilichonse kolowa m'malo mwa kakale, ndiye wokumba akatenga katsopanoko chomera chatha. Mbewu zake ndi fumbi lopanda chakudya mkati, sizimera pokhapokha zitakumana ndi bowa woyenera m'nthaka, ndipo zimatenga zaka zisanachite maluwa. Bowa ameneyo salimba m'dimba lolimidwa ndi kuthiridwa feteleza, n'chifukwa chake zosamutsidwa zimaphuka chaka chimodzi n'kuzimirira.

Kukumba m'paki ya Nyika ndi mlandu, ndipo kudutsa nacho malire kumafuna chilolezo chifukwa ma orchid onse ali pansi pa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire. Ku Tanzania anakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa amenewa. Kumadambo a kumudzi kumene mfumu imalola kukumba, uzani okugulitsaniwo adikire mpaka makoko a mbewu atauma ndi kusweka, asiye zomera zambiri kuposa zimene atenga, akwirire dzenje lililonse, ndipo dambo lokumbidwa chaka chino lipume zaka zingapo asanabwereremo.